Magetsi owonjezera pa njinga yamoto: moto wake muutenge pati?

Munthu amene amadzuka 4 koloko m'bandakucha kuchoka pa Kamuzu Road ku Salima kukatenga amayi a geni ya nsomba ku Senga Bay sangafunse chifukwa chimene anyamata a kabaza akumangirira magetsi owonjezera pa njinga zawo. Njinga zambiri zing'onozing'ono zimabwera ndi babu la 35W. Pa msewu wa mdima, pomwe mbuzi zimagona pa phula pofuna kachifundizi, pomwe wa njinga yakapalasa wasenza matumba a makala alibe ngakhale kachonyezimira kumbuyo, babu limeneli limakuonetsa ngozi utaifika kale. Choncho zogula ma spotlight awiri a LED sinditsutsana nazo ayi, nanenso ndili nawo. Chimene timakangana ndi anzanga pa siteji ndi malo otengapo moto wake.

Ine ndinayamba ndi kabaza, zokonza mawaya ndinaziphunzira njinga yanga itatsala pang'ono kupsa, ndipo nkhani yake ndiinena kutsogoloku. Lero anzanga akagula magetsi amabwera nawo kwa ine adakali m'katoni, ndipo funso lawo limakhala limodzi: "Achimwene, tangondigwiritsirani penapake, ndikufulumira." Penapake pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Malo oti n'kugwiritsa alipo anayi kapena asanu, ndipo onse magetsi amayaka ndithu tsiku loyamba. Kusiyana kwake kumaoneka pakatha mwezi.

Muyambe mwaifunsa njingayo

Musanadule waya aliyense, dziwani mtundu wa moto umene ukupita ku nyali yakutsogolo. Tembenuzani kiyi koma injini musailize, kenako yatsani nyali. Ikayaka, ndiye kuti ikudya ku batire, moto wake ndi wa DC. Ikakana mpaka injini italira, ndipo kuwala kwake kukumakula mukaonjezera mafuta n'kumafooka njinga ikaima, ndiye kuti ikudya molunjika ku magineto, chipangizo chopanga magetsi injini ikamazungulira, ndipo moto wake ndi wa AC. Njinga zambiri za 100cc mpaka 150cc, makamaka zimene zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, zili m'gulu lachiwirili. Pali zina za DC zimene nazonso nyali siyaka injini isanalire, choncho ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, tsimikizani nayo. Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa LED imafuna DC. Mukaipatsa AC, ina imangophethira, ina imayaka bwino masiku angapo kenako n'kufa, kupatula imene analemba pa katoni kuti imalandira zonse ziwiri.

Chachiwiri ndi kudziwa ngati njingayo ili ndi moto wotsala. Magineto ya njinga yaing'ono siipanga wambiri, ndipo umene ikupangawo uli kale ndi eni ake: nyali yakutsogolo, yakumbuyo, ya buleki, ma indiketa, hutala, ndi batire yomwe iyenera kubwezeredwa zimene sitata yatapa. Ikani mita pa mitu ya batire. Injini ili chete, batire yabwino imawerenga pafupifupi 12.6V. Injini ikulira mwaonjezerako mafuta, iyenera kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Tsopano gwiritsani magetsi atsopanowo mongoyesa, muyatse zonse. Ngati nambala yatsika n'kukhala pansi pa 13V ngakhale mukuonjezera mafuta, ndiye kuti mukudya mbewu. Magetsi aziyaka, koma akuyakira batire, ndipo tsiku lina m'mawa sitata idzangoti "tcha" osatembenuka.

Masamu ake ndi a pulayimale: ma watt (W) kugawa ndi 12, amene ndi ma volt (V) a batire, yankho lake ndi ma amp (A), kuchuluka kwa moto umene ukukokedwa. Magetsi awiri a 10W lililonse ndi 20W, amakoka pafupifupi 1.7A. Awiri a 20W ndi 40W, amakoka pafupifupi 3.3A. Awiri akale aja a halogen a 55W, amene ena amachotsa pa galimoto zakufa, ndi 110W, kupitirira 9A. Amenewo asiyeni pa galimoto pomwepo. Koma nambala za pa katoni musazikhulupirire kwambiri. Ma LED otsika mtengo amalembedwa ma watt ambirimbiri pofuna kukopa wogula, ukawayeza n'kupeza akukoka ochepa zedi. Bodza limeneli limapulumutsa magineto zambiri, kungoti wogula walipira kuwala kumene sanakulandire.

Kubaya waya wa nyali yakutsogolo

Iyi ndi njira imene aliyense amayamba kuiganizira chifukwa mawaya ake ali pafupi. Mumasula chibade cha nyali, mupeza waya wa fulu, musenda pang'ono, mupotera waya wa spotlight pomwepo, ntchito yatha ndudu isanazime. Ili ndi ubwino umodzi umene sindingaukane: magetsi owonjezera amayaka ndi fulu n'kuzima mukaika dimu. Wobwera kutsogolo simumuthobwa m'maso, ndipo palibe zoiwala kuzimitsa.

Vuto lake ndi loti moto wonse ukudutsa mu kaswitchi ka pa handulo ndi m'mawaya amene anapangidwira babu limodzi. Mkati mwa kaswitchi kaja muli timikuwa tating'ono tokhala pa pulasitiki. Mukationjezera katundu timatentha, pulasitiki imafewa, kenako mumayamba kuona zoti dimu imayaka pokhapokha mutapanikiza ndi chala. Ambiri amati switchi inali yachabe, chonsecho anaipha okha. Ndipo ngati njinga ndi ya AC, mwapatsa LED chakudya chimene siidya, komanso babu lenileni lija limafooka chifukwa akugawana mbale imodzi.

Ndimalola njira imeneyi pa njinga ya DC yokha, ndi timagetsi tating'ono tosapitirira 10W tonse pamodzi. Kuposa apo ndimakana, ngakhale mwini njinga akwiye.

Kutenga molunjika ku batire

Apa ndi pamene ndinapsera chala. Ndinatenga waya ku mutu wa + wa batire, kudutsa pansi pa thanki, kukafika pa switchi ya pa handulo, kenako ku magetsi. Kuwala kwake kunali kosangalatsa chifukwa moto ukuchoka pa gwero penipeni, sukupempha njira kwa wina aliyense. Fyuzi sindinaike. Amene anandigulitsa magetsiwo anati n'zosafunika, nanenso ndinaona ngati ndapulumutsa ndalama.

Patapita miyezi ingapo ndinanyamula bambo wina madzulo kupita naye ku Nkhotakota. Titangodutsa pa Chia, pomwe amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu paja, bamboyo anandigwira paphewa. "Aphwanga, kodi simukumva fungo?" Ine ndinkaganiza kuti ndi utsi wa owamba nsomba. Nditayang'ana pansi ndinaona kautsi koyera kakutuluka pakati pa thanki ndi chishalo. Ndinaima, n'kuzimitsa kiyi, koma utsi sunasiye, chifukwa waya uja sankadutsa ku kiyi. Chimene chinachitika n'chakuti waya anakhala akukhuzika pa ngodya ya felemu m'mabampu onse aja mpaka mphira wake unatha, mkuwa n'kukhudza chitsulo. Batire ya njinga ndi yaing'ono, koma ikapeza njira yachidule imatulutsa moto wokwanira kufiiritsa waya. Ndinakanganula chivundikiro cham'mbali n'kuzula wayayo ndi manja. Mzere umene unatsala m'chikhatho changa unatenga masabata kuti upole. Kapaipi ka petulo kanali pafupi ndi pamenepo, kutalika kwake ngati zala zitatu zokha.

Mukaika fyuzi pafupi ndi batire, ngozi imeneyi yachoka, ndipo njirayi imakhala yolongosoka ndithu. Koma vuto lina limatsalabe: magetsi amayaka ngakhale kiyi ali m'thumba mwanu. Mwaimika njinga pa msika masana dzuwa likuswa mtengo, mwana wadina switchi posewera, inu simukuona kuti ayaka. Batire ya 7Ah ikamakokedwa 3.3A, pa pepala imatha m'maola awiri, koma sitata imakhala itagonja kale nthawi imeneyo isanakwane. Muli ndi kiki, inde, mudzaliza. Koma batire zamtunduwu zikaphwa mpaka pansi kangapo sizibwereranso mwakale, mumayamba kugula ina nyengo yake isanafike.

Kutenga pa waya wa kiyi

Pa njinga iliyonse pali waya amene amakhala ndi moto wa batire pokhapokha kiyi atatembenuzidwa. Ndi amene amadyetsa hutala, ma indiketa ndi nyali ya buleki. Mukatenga pamenepo, nkhani yoiwala magetsi yatha, ndipo moto wake ndi wa DC ngakhale pa njinga imene nyali yake ndi ya AC. Pa tinthu tochepa monga kachaja ka foni kapena kamzere ka LED kokongoletsa, malo ake ndi amenewa.

Pa ma spotlight akuluakulu ndimakayika nayo. Katundu yense akudutsa pa loko ya kiyi ndi pa fyuzi yaikulu ya njinga, imene nthawi zambiri imakhala ya 10A kapena 15A. Spotlight ikachita shoti, fyuzi imene ikupsa ndi yaikuluyo, ndipo hutala, ma indiketa, nyali ya buleki ndi sitata zimazima pamodzi. Pa njinga zina ngakhale injini imazima. Ganizirani zimenezi zikukuchitikirani usiku pakati pa Khombedza ndi Benga, thiraki ya nzimbe ikubwera kumbuyo kwanu. Ngati mwasankha njirayi, ikani kafyuzi kakang'ono pa nthambi yatsopanoyo, ka 3A kapena 5A, kuti kazipsa koyamba iko.

Relay ndi fyuzi yake

Iyi ndi imene ndimaika pa njinga yanga ndi ya aliyense amene wandilola kugwira ntchito modekha. Relay ndi kabokosi kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene kamagwira ntchito ya mlonda wa pa geti. Moto waukulu umachoka ku batire n'kudikira pa geti. Moto waung'ono, pafupifupi 0.2A, ndi umene umauza mlondayo kuti atsegule. Ndiye kuti loko ya kiyi ndi switchi ya pa handulo zimangotumiza uthenga, katundu sizinyamula.

Pansi pake pali miyendo inayi yokhala ndi manambala, ndipo manambalawa ndi amodzimodzi pa ma relay ambiri a galimoto. Mwendo wa 30 umalandira waya wochokera ku + ya batire, atadutsa pa fyuzi. Wa 87 umapita ku magetsi. Wa 85 umapita ku earth, kutanthauza felemu ya njinga kapena - ya batire. Wa 86 ndi umene umalandira uthenga. Mukapeza ya miyendo isanu, wachisanuwo ndi 87a, ndipo umakhala ndi moto pamene relay yazima, choncho usiyeni, muukulunge bwino usakhudze kanthu.

Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, osapitirira kutalika kwa chikhatho. Chifukwa chake n'choti imateteza waya amene ali kutsogolo kwake kokha. Mukaiika kufupi ndi handulo, waya yense wodutsa pansi pa thanki uja ali pambalambanda, ndipo mwabwerera pa nkhani yanga ya pa Chia. Pa magetsi okoka 3.3A, fyuzi ya 5A ndi yokwanira. Kuika ya 20A poti ndi imene ilipo n'chimodzimodzi kulemba mlonda wogona tulo, waya adzasungunuka iyo ili phee.

Tsono uthenga wa pa 86 muutenge pati? Apa pali njira ziwiri, ndipo kusankha kwake kumadalira mayeso aja munachita poyamba. Ngati nyali yakutsogolo ndi ya DC, tengani pa waya wa fulu. Ma spotlight aziyaka ndi fulu n'kuzima ndi dimu, chala chimodzi ntchito ziwiri, ndipo kaswitchi kaja sikamva kulemera. Mutha kuikanso switchi ina pakati kuti m'tauni muziwatsekeratu. Ngati nyali ndi ya AC, musatero. Relay wamba ikalandira AC imangonjenjemera n'kumalira ngati njuchi, magetsi akuphethira, ndipo siikhalitsa. Pamenepo tengani pa waya wa kiyi, mudutsitse pa switchi yanu ya pa handulo. Kungoti udindo wozimitsa mukakumana ndi mnzanu wabwerera m'manja mwanu, ndiye switchiyo muiike pomwe chala chachikulu chikufika osasiya handulo.

Choipa cha njira iyi ndi nthawi ndi ndalama. Mugula relay, fyuzi ndi nyumba yake, waya wokwanira, ndipo thanki iyenera kuchoka kuti waya adutse malo abwino. Ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, ndipo wa kabaza ola lililonse amaliwerengera makasitomala amene amudutsa. Chinanso chimene ndiyenera kunena poyera: relay siipanga moto. Ngati magineto ikulephera, relay siingaithandize. Imangokonza njira imene moto ukudutsa.

Masiku ano kumapezeka mawaya olukidwa kale, okhala ndi relay, fyuzi ndi switchi m'paketi imodzi. Ndi njira yomweyi, kungoti wina wakulumikizirani. Ngati mwawapeza, yang'anani zinthu ziwiri musanalipire. Choyamba, ambiri amabwera switchi yake ikutenga uthenga ku batire komweko, ndiye kuti magetsi aziyakabe kiyi atazimitsidwa, pokhapokha mutasamutsira waya wa uthengayo ku kiyi. Chachiwiri, ambiri anapangidwira galimoto, mawaya ake ndi aatali kwambiri. Otsalawo musawaunjike pafupi ndi injini ngati chisa. Afupikitseni.

Kapena osawonjezera n'komwe

Pali njira ina imene anthu amaidumpha chifukwa siioneka pa siteji: kungochotsa babu la 35W n'kuika la LED mu nyali yomweyo. Palibe waya wodula, ndipo LED imakoka moto wochepa kuposa babu limene yalowa m'malo mwake. Kwa munthu amene mayeso a mita aja amuonetsa kuti magineto yake ilibe chotsala, ndimamuuza ayambe ndi zimenezi. Onetsetsani kuti phazi la babu likufanana ndi la nyali yanu, ndipo pa njinga ya AC mugule lolembedwa AC/DC. Chokhumudwitsa chake n'choti galasi la nyali analipangira babu lakale, ndiye ma LED ena amamwaza kuwala paliponse, m'mitengo ndi m'maso mwa anthu, pa msewu n'kuchepa. Yesani pa khoma musanachoke pa shopu. Dziwaninso kuti pa njinga ya AC, moto umene mwapulumutsa pa nyali sikuti wonse usamukira ku batire, chifukwa pa zambiri nyali ili ndi nthambi yakeyake yochokera ku magineto.

Mfundo yake mwamanga bwanji?

Mwa njinga zimene zimabwera kwa ine zitazima magetsi, zambiri vuto silikhala pa malo otengera moto, limakhala pa mfundo. Kupota mawaya awiri n'kukulunga tepi yakuda ndi kumene tonse tinayambira. Mwina kumalo ozizira ngati Dedza tepi imapirirako, koma kuno ku Salima mu October guluu wake amasungunuka, tepi n'kumasuka yokha ngati nsalu yomangidwa mwaulesi. Mchenga wa kunyanja umamatirira pa guluuyo, mvula ikabwera madzi amalowa, ndipo mukadzatsegula mumapeza mkuwa wabiriwira, ukuyoyoka ngati ufa. Mfundo yotero imatentha chifukwa moto ukuvutika kudutsa. Ndi yoyenera kukufikitsani kunyumba usiku umodzi basi.

Pali timaklipi tapulasitiki tokhala ndi kampeni mkati, tomwe mumangopanikiza ndi pulayala n'kubaya waya wa njinga osamusenda. Timaoneka taukhondo, koma kampeniko kamadula tinsinga tina ta mkati mwa waya, n'kusiya bala lotseguka loti madzi azilowerapo. Pa njinga imene imagwedezeka tsiku lonse m'misewu ya fumbi yopita ku Lifuwu kapena ku Thavite, sindimatikhulupirira.

Kuwotcherera ndi mtovu kumagwira zolimba, makamaka mukaveka kachubu ka heat shrink pamwamba, kaja kamafota kakamva moto. Pofooka pake ndi pomwe mtovu wathera: waya amauma pamenepo, ndipo akamapindidwapindidwa amathyokera pomwepo. Choncho musawotcherere pa khosi la njinga pomwe mawaya amayenda ndi handulo, ndipo mfundo iliyonse yowotcherera muimangirire kuti isamalendewere.

Imene ndimaikonda kuposa zonse ndi yosavulaza waya wa njinga n'komwe. Mukatsegula chibade cha nyali mupeza mawaya ambiri akumana pa timapulagi tozungulira tolowetsana, tovala pulasitiki yoonekera mkati. Pena mumapeza kamodzi kali ndi pakamwa pawiri, pena palibe kanthu, pakungodikira. Ngati palibe, pangani kawaya kooneka ngati mphanda, mutu umodzi mbali ina, iwiri mbali inayo. Muzula pulagi ya njinga, mulowetsa mphanda yanu pakati, ndipo mwapeza nthambi yatsopano popanda kudula chilichonse. Tsiku logulitsa njinga muzula mphandayo, zonse zabwerera mwakale. Mitu yake ifinyidwe ndi chofinyira chake chenicheni. Pulayala wamba amangophwatalala osagwira. Mukafinya, kokani mwamphamvu. Ikavuka m'manja mwanu, yakuchitirani chifundo, chifukwa ikanavukira pa msewu. Pakani kagirisi kapena Vaseline pang'ono musanalowetse kuti chinyezi chisapeze malo.

Waya amene mukugwiritsa ntchito akhale wa tinsinga tambiri, wofewa, wa 1mm² kapena 1.5mm² pa ma LED amenewa. Waya wa m'nyumba wa nsinga imodzi yokhuthala samapirira kugwedezeka, amathyokera mkati mphira uli bwinobwino, ndipo mudzazunzika pomufufuza. Chenjeraninso ndi waya wa aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba. Palani kansinga kamodzi ndi mpeni. Kakayera mkati, musiyeni.

Za mitundu ya mawaya, pa Honda ndi njinga zambiri za ku China zimene zinatengera Honda, wobiriwira ndi earth, wofiira ndi wa batire, wakuda ndi wa kiyi, wabuluu ndi fulu, woyera wa ku nyali ndi dimu, wabulauni ndi nyali yakumbuyo. Koma pa Yamaha wakuda ndi earth, ndipo wa kiyi ndi wabulauni. Munthu wozolowera mtundu umodzi akapita pa winawo ndi chidaliro chonse amapsereza fyuzi nthawi yomweyo. Komanso njinga ya kabaza imene yadutsa m'manja mwa amakaniko asanu imakhala ndi mitundu imene ngakhale fakitale singaizindikire. Mtundu ukuuzeni poyambira, mita kapena tesita ikuuzeni zoona. Ndipo nthawi zonse yambani mwachotsa mutu wa - wa batire musanagwire china chilichonse.

Earth ndi mwana wamasiye pa ntchito imeneyi, palibe amene amamulabadira. Ambiri amangomangirira pa bawuti ya pa foloko kapena pa handulo poti ndi chitsulo. Koma moto wochoka pamenepo uyenera kudutsa m'mabering a pa khosi, odzaza girisi, kuti ukafike ku felemu, ndiye magetsi amaphethira mukamakhota. Bwezerani earth ku felemu penipeni, mutapala penti mpaka chitsulo chiwale, kapena ku - ya batire. Podutsitsa waya, tsatirani pomwe mawaya a njinga akudutsa, kutali ndi ekizozi ndi mutu wa injini. Mangani ndi ma cable tie, ndipo pa ngodya iliyonse yakuthwa muvekeni kapaipi kapena mukulunge malegeni. Mukatha, khotetsani handulo mpaka kumapeto uku ndi uku. Waya asakokeke, asapanikizike.

Fyuzi ikapsa, ikukuuzani kuti penapake pali vuto. Ndaonapo anthu akukulunga fyuzi yakupsa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, ena kuikapo msomali. Mnyamata wina anandiuza monyadira kuti, "Madala, kuyambira pomwe ndinaika waya, fyuzi sinapsenso." Ndinamuyankha kuti n'zoona, tsopano chotsala kupsa ndi njinga.

Zokongoletsa ndi ma indiketa

Timizere ta LED ta pansi pa thanki ndi kumbuyo sitikoka moto wambiri. Waya wa kiyi ndi kafyuzi kakang'ono zakwana, relay siifunika. Koma mitundu yake muisamale. Kuwala kofiira ndi kwa kumbuyo, koyera kwa kutsogolo. Mukasokoneza, woyendetsa galimoto usiku sadziwa ngati mukubwera kapena mukupita. Magetsi abuluu ophethira ndi a galimoto za apolisi, ndipo mukawaika musadabwe a traffic akakuimitsani pa rodibuloko n'kukuuzani kuti muwachotse pomwepo.

Amene asintha ma indiketa n'kuika a LED amadabwa kuona akuphethira mothamanga kapena kungoyaka osaphethira. Palibe chimene chaonongeka. Flasher yakale, kabokosi kamene kamachititsa ma indiketa kuphethira, imadalira kulemera kwa mababu akale kuti igwire ntchito. Ena amaika ma resistor, tizipangizo toonjezera katundu pa waya, kuti ainamize, koma amenewo amatentha ndipo amadya moto womwe mumafuna kupulumutsa uja. Gulani flasher yolembedwa kuti ndi ya LED, ya miyendo yofanana ndi yanu, muzule yakale mulowetse yatsopano.

Chotsiriza ndi kuloza. Ma spotlight ambiri alibe malire a kuwala ngati dimu, amangowaza. Madzulo imikani njinga pa malo osalala, moyang'ana khoma, pa mtunda wa mamita asanu. Wina akhale pa chishalo, ndipo ngati mumanyamula anthu akhale awiri, chifukwa kumbuyo kukalemera mphuno ya njinga imadzuka. Yezani ndi ndodo kuchoka pansi kufika pa spotlight, mukalembe msinkhu womwewo pa khoma ndi khala. Pakati pa kuwala pagwe m'munsi mwa mzerewo, osati pamwamba. Ine lakumanzere ndimalipatutsirako pang'ono kunja, kuti lizindionetsa m'mphepete mwa msewu momwe mumatulukira mbuzi ndi anthu oyenda pansi. Mukamanga mabawuti, ikani mawashala a sipuling'i, ndipo pakatha sabata mudzabwerenso pa khoma lomwelo, chifukwa mabampu amakhala atawasuntha.